Kutchera khutu ku nyimbo za classical uli pakhomo

Usiku wa Lachiwiri kapena Lachitatu, mpira wa Champions League ukatsala pang'ono kuyamba, m'malo oonetsera mpira ku Ndirande, ku Bangwe ngakhale ku Chilomoni mumamveka nyimbo imodzimodzi. Osewera andanda, kamera ikuyenda pankhope zawo, kwaya ikukwera pamwamba pa malipenga. Anyamata amayimbira limodzi ngakhale mawu ake sawadziwa. Nyimbo imeneyi anaikonza Tony Britten mu 1992, koma msana wake anautenga ku nyimbo ya George Frideric Handel yotchedwa Zadok the Priest, imene inayimbidwa koyamba mu 1727 polonga ufumu George II ku London. Kulira kwa foni za Nokia kuja, kumene kunkamveka mu minibasi iliyonse ya ku Limbe, ndi kachidutswa ka nyimbo ya gitala imene Francisco Tárrega wa ku Spain anapeka mu 1902. Pa maukwati ambiri a m'tchalitchi, akwati akamatuluka, woyimba kiyibodi amawaperekeza ndi nyimbo imene Felix Mendelssohn analemba mu 1842.

Choncho nyimbo za classical si zachilendo m'makutu mwathu. Timazidziwa, koma m'tizidutswa ta masekondi 30. Nkhani imavuta munthu akatiyikira nyimbo yathunthu ya theka la ola. Pamenepo mpamene wina amafunsa kuti "Kodi yayamba?", wina amati ndi nyimbo za pamaliro a azungu, wina wayamba kale kuwodzera. Anthu oterewa sindiwaseka, chifukwa chimene chawachitikiracho chili ndi zifukwa zomveka. Nyimbozi zinamangidwa mosiyana ndi zimene timamva pawailesi tsiku ndi tsiku, zimajambulidwa mosiyana, ndipo zimafuna kumveredwa mosiyana. Chimene zimafuna kwambiri si masipika okwera mtengo ayi, koma malo a chete ndi khutu lokumbukira zimene lamva.

Nyimbo ili papepala

Mawu akuti classical amagwira ntchito pawiri. Akatswiri akamawatchula amanena nyengo ya pakati pa 1750 ndi 1820, nthawi ya Haydn, Mozart ndi Beethoven mumzinda wa Vienna. Koma pakamwa pa anthu ambiri amatanthauza mwambo wonse wa nyimbo zolembedwa papepala umene unakulira m'matchalitchi ndi m'nyumba za mafumu ku Ulaya, kuyambira kale Johann Sebastian Bach asanabadwe mu 1685 mpaka kwa opeka amene ali moyo lero. Liwu lofunika apa ndi lakuti "zolembedwa".

Kwathu kuno nyimbo ndi mwini wake sizisiyana. Ukatchula nyimbo, m'mutu mumamveka mawu a amene anaiyimba, ndipo wina akaiyimbanso timati wabwereza ya mnzake. Ku classical si choncho. Beethoven anamwalira mu 1827, kutatsala zaka 50 kuti Thomas Edison apange makina ake ojambula ndi kubweza mawu mu 1877. Palibe chimbale chimene mungamumvepo iye mwini akuyimba piyano. Anasiya mapepala basi, ndipo chimbale chilichonse chimene tingamvere lero chikutionetsa mmene gulu lina la oyimba linawerengera mapepalawo. Palibe chimbale "chenicheni" chimene zinazo zikukopera.

Anthu a kwaya izi amazidziwa bwino kuposa aliyense. Amishoni a ku Scotland anakhazikitsa mishoni ya Blantyre mu 1876, n'kumanga tchalitchi cha St Michael and All Angels pakati pa 1888 ndi 1891, ndipo pamodzi ndi nyimbo za m'buku kunabwera njira yolembera nyimbo ya d r m f s l t, imene John Curwen anaifalitsa ku England m'zaka za m'ma 1800. Perekani pepala limodzi la sol-fa kwa makwaya awiri, ina ya ku Zingwangwa ina ya ku Machinjiri. Manotsi ndi omwewo, koma ina ithamanga, ina ikoka. Ina ikweza abesi, ina isiya asopulano atsogole. Pamene ina yapuma inayo ipitirira. Onse ayimba zoona, koma mpingo utuluka utakhudzidwa mosiyana. Ntchito ya wotsogolera okestra (gulu lalikulu la oyimba zida zosiyanasiyana), uja amaima kutsogolo ndi kandodo, ndi yomweyi ya mphunzitsi wa kwaya: kusankha liwiro, kusankha mawu oti amveke pamwamba pa anzake, kusankha popumira.

Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi cha Glenn Gould, woyimba piyano wa ku Canada. Anajambula nyimbo ya Bach yotchedwa Goldberg Variations kawiri, mu 1955 ali mnyamata ndiponso mu 1981, chaka chimodzi asanamwalire. Chimbale choyamba chimatenga mphindi pafupifupi 38, chachiwiri pafupifupi 51. Kanyimbo kotsegulira, kamene ali mnyamata anakayimba mosakwana mphindi 2, atakula anakayenda pang'onopang'ono mpaka mphindi 3, ngati munthu amene akudutsa m'mudzi umene anakuliramo ndipo sakufuna kuphonya nyumba iliyonse. Munthu mmodzi, pepala limodzi, zimbale ziwiri zosiyana kutalitali. Mukatchera khutu mumumvanso akuyimbira chapansipansi ndi pakamwa uku zala zikuyenda. Ena zimawanyansa. Ine zimandikumbutsa kuti pali munthu wakhala pampando kuseri kwa mawuwo.

Izi zikufotokozanso maina aatali amene amaopseza anthu pa YouTube. Tiyeni titenge limodzi: Beethoven, Symphony No. 5 in C minor, Op. 67, I. Allegro con brio. Symphony ndi nyimbo ya okestra yonse, kawirikawiri ya magawo 4, ndipo iyi ndi yachisanu mwa 9 zimene Beethoven anamaliza. C minor ndi kiyi, pamene pali kwawo kwa nyimboyo. Op. ndi chidule cha opus, liwu la Chilatini lotanthauza ntchito, ndipo nambalayo imathandiza kuti musasokoneze nyimbo ina ndi inzake. Za Bach zimakhala ndi BWV, za Mozart zimakhala ndi K. Nambala ya Chiroma ikunena gawo, ndipo mawu a Chitaliyanawo ndi malangizo kwa oyimba: allegro ndi mofulumira, andante ndi liwiro la munthu woyenda pansi, adagio ndi modekha. Mukaona concerto, dziwani kuti pali katswiri mmodzi amene akuyankhana ndi okestra. String quartet ndi anthu anayi okha, mavayolini awiri, viola ndi cello, monga sopulano, aluto, tena ndi besi.

Chinthu chimodzi chimawononga kwambiri apa: batani losakaniza nyimbo lija. Magawo a symphony ali ngati mitu ya buku limodzi. Foni ikawasakaniza, kapena amene wakubenerani nyimbo mu memory akawaika mosalongosoka, mumva mathero musanamve chiyambi, ndipo mudzaweruza nyimbo imene simunaimve n'komwe.

Chifukwa chake zimamveka ngati zazima

Apa ndi pamene pagona nkhani. Nyimbo zambiri za pawailesi amazikonza mu situdiyo kuti mawu onse akhale pamlingo umodzi: zotsika amazikweza, zokwera amazipanikiza. N'zomveka, chifukwa nyimboyo iyenera kupambana injini ya minibasi ndi phokoso la mumsika. Zimbale za classical nthawi zambiri sazipanikiza choncho. Chitoliro chimodzi chikamayimba chokha chimamveka chapatali ngati mmene chikanamvekera muholo, ndipo anthu 80 kapena 100 akalowa onse pamodzi mawuwo amagwa ngati chigumula. Mtunda umene uli pakati pa kunong'ona ndi kufuula ndi mbali ya nyimboyo. Wopeka anaulemba dala papepala.

Ndinaona izi bwino tsiku lina ndi mphwanga. Ndinamupatsa mahediseti kuti amve Symphony No. 5 ija. Chakumapeto kwa gawo lachitatu, okestra yonse imatsika mpaka kutsala pang'ono kuzimiririka. Ng'oma za timpani zimangogunda chapansipansi pa notsi imodzi ngati mtima wa munthu wogona, mavayolini akukwawa m'mwamba ngati akufufuza khomo mumdima. Mphwanga anachotsa mbali imodzi.

"Achimwene, foni yanuyi yazima kapena?"

Ndinamuuza kuti adikire, koma chala chake chinali chitakweza kale voliyumu. Patangopita masekondi ochepa gawo lachinayi linalowa popanda kupuma, okestra yonse nthawi imodzi, pamodzi ndi malipenga atatu a trombone amene Beethoven anawasunga chete magawo atatu onse oyamba kuti adzawatulutse pompano. Mnyamatayo anadzidzimuka n'kuima. Kenako anakhala pansi n'kunena kuti, "Tabwezani pamene kunali zii paja." Anazindikira yekha kuti mphamvu ya phokoso lija inachokera m'chete chimene chinalitsogolera.

N'chifukwa chake mdani wamkulu wa nyimbozi kunyumba ndi phokoso la panyumba pomwepo. Firiji ikamalira, TV ili pabalaza, sabufa ya oyandikana nawo ikugunda khoma, theka la nyimbo limamira, ndipo chimene chimatsala ndi zidutswa zokwera zokha zopanda chozilumikiza. Mu Blantyre muno, m'madera amene nyumba zili zothithikana, chete ndi wosowa kuposa ndalama. Komabe alipo. Alipo itadutsa 10 koloko usiku, alipo m'mamawa atambala asanachuluke ndi minibasi zisanayambe kuitanira. Ndipo magetsi akazima madzulo dera lonse n'kuti zii, munthu amene anatchajiratu foni wapeza holo yabwino kuposa imene angaigule. Miyezi ya chiperoni, June ndi July, anthu akalowa m'nyumba msanga, ndi nyengo yabwino kwambiri. Nthawi ya dzinja, mvula ikamamenya malata, ingodikirani ikate.

Njira yoikira voliyumu ndi iyi: pitani kaye pamalo pamene nyimbo yakwera kwambiri, ikani voliyumu poti simukupwetekedwa, kenako bwererani poyamba ndipo musaigwirenso. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapitirire ma decibel 80 kwa maola 40 pa sabata. Amene amamvera m'phokoso amakweza mopitirira osadziwa, ndipo makutu akaonongeka sabwerera.

Za zipangizo sindichulutsa. Kasipika ka foni n'kosakwanira, osati chifukwa cha kunyada koma chifukwa cha kukula kwake. Besi yaikulu ya zingwe, imene woyimba amaiyimba ataima, imatsika mpaka kunjenjemera ka 41 pa sekondi, ndipo notsi yotsikitsitsa ya piyano ili pansi pa pamenepo. Kasipika kakang'ono sikangakankhe mpweya wokwanira kutulutsa mawu oterowo, ndiye mumamva kwaya yopanda abesi. Mahediseti wamba a waya, olowa bwino m'khutu, amathetsa vutoli pamtengo wochepa, ndipo amakupatsaninso mbali ziwiri. Pa zimbale zambiri mavayolini oyamba amamveka kumanzere, ma cello ndi mabesi kumanja, zitoliro pakati, malipenga ndi ng'oma kumbuyo, monga mmene amakhalira pasiteji. Kasipika kamodzi ka Bluetooth kamaunjika zonsezi pamalo amodzi. Ngati muli ndi masipika awiri, atalikitseni, akhale pamlingo wa makutu anu mutakhala pansi, inu mukhale pakati patsogolo pawo, ndipo asakhale pakona. Besi ya sabufa itsitseni. Kuno timaikonda yogunda pachifuwa, koma mu okestra imakwirira zina zonse. Chipinda cha simenti ndi makoma opanda kanthu chimabweza mawu, ndipo mkeka pansi ndi makatani pawindo zimathandiza kuposa mmene mungaganizire.

Bandulo nayo tiiganizire. Fayilo ya MP3 ya 128 kbps imadya pafupifupi 1 MB pa mphindi, ya 320 kbps pafupifupi 2.4 MB. Ndiye kuti Symphony No. 5 yonse, ya mphindi zopitirira 30 pang'ono, ikhoza kukwana mu 35 MB kapena 80 MB. Vidiyo imadya zambiri. Ndi bwino kutsitsa kamodzi n'kusunga, chifukwa nyimbozi muyenera kuzibwereza, ndiponso palibe chowawa ngati malonda kulowerera pakati pa gawo lodekha. Okestra ya wailesi ya ku Frankfurt, hr-Sinfonieorchester, imaika makonsati athunthu pa YouTube. Gulu la Netherlands Bach Society likujambula nyimbo zonse za Bach n'kumaziika poyera kwaulere pansi pa dzina lakuti All of Bach. Pa Musopen palinso zimbale zaulere.

Khutu lokumbukira

Nyimbo ya pawailesi imakugwira dzanja: vesi, kolasi, vesi, kolasi, ndipo mawu amakuuza nkhani yake. Nyimbo yopanda mawu ya theka la ola imadalira chinthu china, kukumbukira kwanu. Wopeka amakupatsani kanthu kakang'ono poyamba, amakatenga n'kupita nako kutali, kukatembenuza, kukadula, kukabisa, kenako n'kukabweza. Chisangalalo chili pozindikira kuti "kaja kabweranso, koma kasintha". Ngati simunakagwire poyamba, zotsatira zonse zimangokhala mawu okoma oyandama.

Mu Symphony No. 5, imene inayimbidwa koyamba ku Vienna mu 1808, kanthuko ndi manotsi anayi okha: atatu aafupi, imodzi yaitali. Ta-ta-ta-taaa. Gawo loyamba lonse, la mphindi pafupifupi 7, lamangidwa ndi njerwa imeneyi. Ikachoka kwa mavayolini mumaipeza pansi kwa mabesi, ikung'ung'udza pansi pa nyimbo ina yofatsa. Chapakati kupitirira, chiyambi chija chikangobwerera, zonse zimaima mwadzidzidzi ndipo chitoliro cha oboe chimalira chokha kwa masekondi angapo, ngati munthu mmodzi wolankhula pamsonkhano wa anthu okwiya. Mu gawo lachitatu malipenga a horn amabweretsanso kagundidwe komweko, katatu kafupi kamodzi kotalika, pa notsi imodzi. Ulendo wonse ukuchoka ku C minor, kiyi ya mdima, kupita ku C major, kiyi yowala. Ulendo woyamba simungazigwire zonsezi. Wachitatu mumayamba kudziwa njira. Wachisanu mumayamba kudikira malo amene mumawakonda, ndipo mukatero mwalowa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nyimbo imodzi yomvera kasanu imaphunzitsa zambiri kuposa nyimbo 20 zomvera kamodzikamodzi. Kwa amene akufuna poyambira, chimbale chimene Carlos Kleiber anajambula ndi Vienna Philharmonic mu 1974 chili ndi moto umene sunazirale.

Amene akufuna nkhani yooneka ndi maso ayambe ndi Antonio Vivaldi. The Four Seasons, imene inasindikizidwa mu 1725, ndi ma concerto anayi a vayolini, ndipo iliyonse inatuluka ndi ndakatulo yofotokoza zimene zikuchitika. Nyengo zake ndi za ku Italy, koma ya chilimwe munthu wa ku Blantyre aimva msanga akaimvera mu October. Imayamba mofooka, manotsi akugwa awiriawiri ngati munthu wotopa ndi dzuwa amene akulephera ngakhale kudzutsa mutu. Njiwa ikulira. Kamphepo kayamba. Mu gawo lachiwiri mbusa akufuna kugona koma ntchentche sizikumulola, ndipo mabingu akumveka chapatali. Gawo lachitatu ndi chimvula chenicheni cha matalala. Zonse pamodzi ndi mphindi pafupifupi 10, ndipo aliyense amene anaonapo mitambo ikuunjikana pa Ndirande kapena pa Soche kutentha kutafika posauzana adziwa zimene akumva.

Pofuna kudziwa mawu a chida chilichonse, Boléro ya Maurice Ravel ya mu 1928 ndi sukulu yokwanira. Kang'oma kamodzi kamagunda kagundidwe kamodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, mphindi pafupifupi 15, pamene nyimbo ziwiri zokha zikusinthanasinthana, chida china kupatsira chinzake: chitoliro, clarinet, bassoon, mpaka saxophone ndi trombone. Imayamba motsika kwambiri moti muyesa palibe chikumveka, imatha ndi okestra yonse. Iyi ndi yabwino kuionera pavidiyo kamodzi, kuti mawu aliwonse muwapatse nkhope.

Koma njira imene ndimaikhulupirira kwambiri ndi imene tili nayo kale. Sankhani liwu limodzi n'kulitsata, monga mmene wa aluto amagwirira mzere wake pakati pa kwaya. Ulendo uno tsatani mabesi okha. Ulendo wotsatira tsatani zitoliro. Mu nyimbo za Bach zotchedwa fugue, liwu limodzi limayamba lokha, lachiwiri limalowa ndi nyimbo yomweyo loyamba lisanamalize, lachitatu chimodzimodzi, ndipo palibe amene ali wongoperekeza mnzake. Khutu limene linakulira pa ng'oma zitatu zolukana, kapena pa mangolongondo pamene anthu awiri akhala moyang'anana aliyense akuponya manotsi ake m'mipata ya mnzake, silikuyamba kumene kumva zinthu zingapo nthawi imodzi. Izi si zongodzitonthoza. Gerhard Kubik, katswiri wa nyimbo wa ku Vienna amene anakumana ndi Daniel ndi Donald Kachamba mu Blantyre muno mu 1967 n'kugwira nawo ntchito zaka zambiri ku Chileka, analemba za mmene oyimba zida zangati mangolongondo ku Uganda amalukira manotsi mpaka khutu kumamva nyimbo imene palibe aliyense wa iwo akuiyimba payekha. György Ligeti, mmodzi mwa opeka otchuka a m'zaka za m'ma 1900, ananena poyera kuti zolemba za Kubik ndi zimbale za nyimbo za pakati pa Africa zinamuthandiza polemba nyimbo zake za piyano zotchedwa ma étude, amene anayamba kutuluka mu 1985.

Funso lakuti "kodi si nyimbo za azungu?" ndi loyenera kuliyankha moona. Inde, mwambowu unakulira ku Ulaya, ndi ndalama za mafumu ndi matchalitchi, ndipo kuno unafika m'nthawi imene nyimbo zathu zinkanyozedwa. Amene amati nyimbozi n'zapamwamba kuposa zathu akulakwa, ndipo amene amayikira khanda Mozart kuti likhale lanzeru akutsata mphekesera: kafukufuku wa mu 1993 amene anayambitsa nkhaniyi anachitika pa ophunzira a kukoleji, ndipo kusintha kumene anakuona kunatha pasanathe mphindi 15. Koma anthu akuda akhala m'nyumba imeneyi kuyambira kale. Joseph Bologne, wodziwika kuti Chevalier de Saint-Georges, mwana wa mayi amene anali kapolo ku Guadeloupe, ankatsogolera okestra ku Paris m'nthawi ya Mozart. Sonata ya vayolini ya Beethoven imene lero imatchedwa Kreutzer anaiyimba koyamba mu 1803 ndi George Bridgetower, munthu wakuda, Beethoven mwiniyo ali pa piyano. Bambo ake a Samuel Coleridge-Taylor, wopeka nyimbo wa ku England, anali a ku Sierra Leone. Fela Sowande wa ku Nigeria analemba African Suite. Ku Kinshasa kuli Orchestre Symphonique Kimbanguiste, imene inayamba mu 1994, ndipo Pretty Yende wa ku South Africa anayimba pa mwambo wolonga ufumu Charles III mu 2023. Munthu amene wamvera Bach sanataye chilichonse cha kwawo.

Za zimbale zakale

Mukamafufuza mudzakumana ndi zimbale zimene zimathetheka ngati chipisi pachiwaya. Musafulumire kuzitaya. Mbale za galamafoni zakale, zozungulira ka 78 pa mphindi, zinkanyamula mphindi 4 kapena 5 zokha mbali imodzi, choncho symphony imodzi inkakhala mulu wa mbale, ndipo womvera ankadzuka kukatembenuza nyimbo ili pakati. Maikolofoni anayamba kugwiritsidwa ntchito pojambula mu 1925. Kale oyimba ankaunjikana kutsogolo kwa chinthu chonga lipenga lalikulu. Mbale za LP za mu 1948 zinafikitsa mbali imodzi pa mphindi zoposa 20, mawu a mbali ziwiri anafika pa mbale mu 1958, ndipo CD ya mu 1982 inanyamula mphindi 74 popanda kutembenuza. Chilichonse chojambulidwa bwino kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 chimamveka bwino mpaka lero. Za kale kuposa apo zimafuna kuleza mtima, koma zina n'zosasinthanitsika. Pablo Casals anapeza mapepala a nyimbo za Bach za cello imodzi m'sitolo ina ku Barcelona ali ndi zaka 13, anakhala nazo zaka zambiri asanaziyimbe pagulu, ndipo anazijambula pakati pa 1936 ndi 1939. Pakatha mphindi ziwiri khutu limaiwala kuthetheka kuja, n'kutsala ndi munthu mmodzi, uta ndi zingwe zinayi.

Pa Lachisanu Loyera chaka china ndinayika St Matthew Passion ya Bach pabalaza, nkhani ya masautso a Yesu monga mwa Mateyu, imene imatenga maola pafupifupi atatu. Mayi anga, amene ayimba aluto m'kwaya kuyambira ali mtsikana, ankasankha mpunga palichero pakhomo la kukhitchini. Mawu ake ndi a Chijeremani ndipo sanali kumvapo kanthu. Mu nyimboyi muli nyimbo imodzi ya mpingo, ya mawu anayi, imene imabwera kasanu. Itabwera kachiwiri ndinawamva akuyitsatira chapansipansi. Kachitatu anali atapeza mzere wa aluto. Ulendo wachisanu imabwera Yesu atangotsirizika. Asopulano amayimba zomwe zija, koma Bach anasintha mawu atatu apansiwo, akuyenda m'njira zopapatiza zachisoni, ndipo nyimbo imathera m'malere osafika kwawo. Amayi anayamba nawo monga kale, n'kupeza kuti mzere wawo palibe. Anaika lichero pansi.

"Mwanangu, tabweza pamenepo. Aluto alowera kuti?"

Ndinabweza. Anamvera maso ali chotseka, chala chikukwera ndi kutsika m'malere monga amachitira pophunzira nyimbo yatsopano. Tinabweza kanayi asanaupeze.